Kukaona mtumbira wakale wa ku Richmond Park: kayendedwe kake ndi zoyenera kusamala

Kum'mwera chakumadzulo kwa mzinda wa London kuli paki yaikulu yotchedwa Richmond Park, ya maekala pafupifupi 2,500, momwe mumakhala agwape oposa 600 ongodziyendera okha popanda m'busa. Kumalire kwake chakumadzulo, pamtunda poyang'anizana ndi chigwa cha mtsinje wa Thames, pali kachitunda kotchedwa King Henry's Mound. Anthu ambiri amakwerapo kukasuzumira tchalitchi cha St Paul's pa makina oonera patali, n'kujambulitsa chithunzi, n'kutsika, osadziwa n'komwe kuti anaponda pamanda. Akatswiri a bungwe la Historic England amati kachitundaka kakuoneka kuti ndi mtumbira wa anthu amene anakhalako zaka pafupifupi 4,000 zapitazo, nthawi imene anthu a ku Britain ankasula zida zamkuwa, ndipo mu 2020 boma linakaika pa mndandanda wa malo akale otetezedwa ndi lamulo. Kulowa m'pakimo n'kwaulere. Ngati mumakhala ku London kapena mwabwera kudzacheza kwa abale, ulendowu ungakwane theka la tsiku, koma pitani mukudziwa chimene mukukaona.

Yambani ndi kusankha nyengo

Kalendala ya malowa imayendera agwape. Kuyambira Seputembala mpaka Novembala ndi nyengo yokwerana, pamene agwape aamuna amalimbirana aakazi. Akabangula m'mawa kuli nkhungu, mungaganize kuti ndi nkhunzi za ng'ombe zimene zatsekeredwa m'khola, ndipo nyanga zikagundana phokoso limamveka patali. Iyi ndiyo nyengo yokongola koposa, masamba atafiira, komanso ndiyo yoopsa koposa, chifukwa gwape wamwamuna amakhala wolusa ndipo sasamala kuti kutsogolo kwake kuli ndani. Kuyambira Meyi mpaka Julayi aakazi amaswa, n'kumabisa ana awo m'maudzu ataliatali. Nthawi imeneyi olusa ndi aakaziwo, makamaka akaona galu, n'chifukwa chake kuyambira pa 1 Meyi mpaka pa 31 Julayi galu aliyense amayenera kukhala womangidwa chingwe paliponse m'pakimo.

Kawiri pachaka, kuyambira kuchiyambi kwa Novembala ndiponso kuchiyambi kwa Febuluwale, oyang'anira paki amapha ena mwa agwape usiku kuti asachulukitse kuposa chakudya chimene chilipo. M'masabata amenewo mageti a anthu oyenda pansi amatsekedwa 8 koloko usiku mpaka m'mawa. Masana palibe chovuta.

Chinanso ndi thambo. Ngati mukufuna kuona St Paul's, sankhani tsiku lowala bwino, makamaka mvula itangokata dzulo lake, mpweya uli woyera. Kukakhala nkhungu mudzangoona mbuu. M'mwezi wa Disembala kumada cha m'ma 4 koloko madzulo, choncho nyamukani m'mawa. Loweruka ndi Lamlungu kumadzaza anthu, ndipo pamwamba pa mtumbirawo ndi pang'ono, moti mumachita kudikirana. Amene angathe kupita pakati pa sabata apite pamenepo.

Zovala ndi zonyamula

Valani thalauza lalitali, masokosi ataliatali ndi nsapato zotseka zosaterereka, ngakhale kutatentha. Chifukwa chake ndi nkhupakupa, ndipo nkhani yake ikubwera kumapeto. Zovala zowala zimathandiza kuti kachilombo kakakwera mukaone msanga. Tengani madzi akumwa, jekete lamvula ndi kathumba koikamo zinyalala zanu. Ngati muli ndi zoonera patali, musazisiye kunyumba, chifukwa ndizo zidzakuthandizeni kuona agwape bwinobwino popanda kuwayandikira. Zowotchera nyama zisiyeni: kuyatsa moto m'pakimo n'koletsedwa.

Njira yake

Kwerani sitima yopita ku siteshoni ya Richmond. Imafikako ndi District line, sitima za Overground, komanso sitima zochokera ku Waterloo. Mulipire ndi khadi la Oyster kapena khadi lakubanki longogunditsa, ndipo kumbukirani kuti mabasi a mu London salandira ndalama zapamanja.

Mukatuluka pasiteshoni khoterani kumanzere, mudutse pakati pa mashopu mumsewu wa George Street, kenako muyambe kukwera Hill Rise mpaka kulowa Richmond Hill. Ndi ulendo wa mphindi 25 kapena 30, wokwera pang'onopang'ono. Basi nambala 371 ikhoza kukufikitsani pafupi ndi geti, koma ngati miyendo ili bwino ndikukulimbikitsani kuyenda pansi. Chakumapeto kwa msewuwo, kudzanja lamanja, nyumba zimatha ndipo mtsinje wa Thames umaonekera pansi ukukhota pakati pa madambo ndi mitengo. Maonekedwe amenewa anatetezedwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1902. Imani pang'ono muone mmene mtundawo watsetserekera kumtsinje, chifukwa mtumbira umene mukupitawo uli pamsana wa mtunda womwewu.

Patsogolo pang'ono, moyang'anizana ndi chinyumba chachikulu cha njerwa zofiira cha Star and Garter, pali Richmond Gate. Lowani pageti la oyenda pansi, mukhotere kumanja, mutsate kanjira kolowera kum'mwera. Pakatha mphindi 10 mufika pa kageti kachitsulo kolowera m'munda wamaluwa wa Pembroke Lodge. Mukalowa mutseke, chifukwa mpandawo anaumangira agwape kuti asadye maluwa. Agalu salowa m'mundamo. Mtumbira uli chakumpoto kwa mundawo, pafupi ndi kumene mwalowera, ndipo zikwangwani zilipo.

Pali njira inanso: basi nambala 65 yochokera ku Richmond imakutsitsani ku Petersham, n'kulowera pa Petersham Gate. Kuchokera pamenepo mumakwera chitunda choimirira ndithu. Kwa agogo kapena amene akukankha mwana m'kangolo njirayi ndi yowawa. Obwera pagalimoto ali ndi poimika pafupi ndi Pembroke Lodge, koma mageti a magalimoto amatsekedwa kukamada.

Mukakumana ndi agwape

Mudzakumana nawo ndithu, mwina musanafike n'komwe pamtumbira. Alipo a mitundu iwiri. Ofiirira ndi aakulu, ndipo wamwamuna amalemera kupitirira makilogalamu 150, nyanga zake zili ndi nthambinthambi. Enawo ndi ocheperako, ambiri a mawangamawanga oyera pamsana, ndipo nyanga za aamuna zimatambasuka ngati chikhatho kumapeto kwake. Nyangazo zimathothoka chaka chilichonse n'kumeranso zatsopano.

Lamulo la oyang'anira paki, a The Royal Parks, ndi loti mutalikirane nawo mamita osachepera 50. Chonde musalitenge mopepuka. Agwapewa anazolowera kuona anthu, sathawa, ndipo n'chimene chimapusitsa alendo. Munthu amaona nyama itagona phee ikubzikula, n'kuyamba kusendera ndi foni m'manja, mwana ali kutsogolo. Kusathawako si kuweteka. Ndi nyama zakutchire, ndipo ikadzuka imathamanga kuposa munthu aliyense. Mukaona gwape akukuyang'anitsitsani, akupalasa pansi ndi mwendo, kapena akuyenda chammbali akukuonetsani thupi lake lonse, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono, osathamanga, osakuwa, osakupiza manja. Musadutse pakati pa aamuna awiri amene akuyang'anizana, kapena pakati pa wamwamuna ndi gulu la aakazi ake. Ngati gulu lagona panjira, lambalalani patali ngakhale zikutayitseni nthawi.

Musawapatse chakudya chilichonse, kaya buledi, kaya karoti. Gwape wozolowera kulandira m'manja amayamba kulondola anthu ndi kugwetsa zikwama, ndipo mapepala apulasitiki amene amameza amamutseka m'mimba. Mukapeza kamwana kagwape katadzipinda m'maudzu kokhakokha, sikanatayike ayi: mayi wake ali pafupi ndipo akukuonani. Musakagwire, chokanipo msanga. Mbewu za mitengo ya oak ndi chestnut zimene zimagwa pansi musatole, ndicho chakudya chimene agwape amanenepera nacho chisanu chisanafike. Bowa nayenso sazulidwa, ngakhale ataoneka wokoma bwanji.

Mukamayenda yang'anani mitengo. Nthambi zonse zam'munsi zimathera pamlingo umodzi, chapachifuwa kapena paphewa pa munthu, ngati wina anachita kumeta ndi sizasi. Ndi agwape amene amadya masamba mpaka pamene khosi lawo lafika. Timitengo tating'ono mudzatipeza totchingidwa ndi matabwa pachifukwa chomwecho. M'maudzumo mulinso zulu zing'onozing'ono za nyerere zambirimbiri, zomera udzu pamwamba. Zimenezo si manda, ndipo zimangopezeka pamalo amene khasu silinapitepo kwa zaka zambiri.

Pamtumbira penipeni

Musathamangire kukwera. Yambani mwaima m'munsi, muuzungulire mmene njira ikulolera, muone kukula kwake ndi mmene wakhalira pamphepete penipeni pa mtunda. Anthu a nthawi imeneyo, cha pakati pa 2400 ndi 1500 Yesu asanabadwe, ankakonda kuika mitumbira yotere pamisana ya mapiri, pamene munthu ali m'chigwa akakweza maso aione. Maliro ena ankawaika atapinda miyendo, ena ankawatentha n'kuika phulusa mumphika wadothi, nthawi zina pamodzi ndi mpeni wamkuwa, mikanda kapena mivi yamwala. Kenako ankakumba ngalande mozungulira, dothi lake n'kuliunjika pamwamba. Analibe mafosholo achitsulo. Ankakumba ndi nyanga za agwape, ndi matabwa, n'kumatuta dothi m'madengu. Mukaganizira zimenezo muli chiimire pansi pake, mumaona kuti panagwa thukuta la anthu ambiri, ndipo amene anagonekedwa apa anali munthu wofunika kwa anthu ake.

Mitumbira yambiri yotere ya m'dera la London inatha kalekale. Ina inasalazidwa ndi makasu a ng'ombe, ina inamangidwapo nyumba ndi misewu. Uwu unapulumuka, ndipo mbali yaikulu ya chifukwa chake ndi agwape omwe mwawadutsa aja. Mu 1625 Mfumu Charles I inathawira ku Richmond pothawa mliri umene unabuka mu London, ndipo inalikonda deralo pa nkhani ya ulenje. Mu 1637 inazungulitsa malowa ndi khoma la njerwa lotalika mamailosi 8, n'kutsekeramo agwape, ngakhale eni minda ambiri sanakondwere nazo. Kuchokera nthawi imeneyo mzinda unakula n'kuzungulira khomalo, koma m'kati simunalowe. Zimandikhudza ndithu kuti dyera la mfumu pa nyama ndilo linasunga manda a anthu amene mfumuyo sinkawadziwa. Mitengo ina ya oak ya m'pakimo ndi yakale kuposa khomalo, ndipo nayo inapulumuka mwa njira yomweyo.

Mtumbirawu sunakhale mmene eni ake anausiyira. M'zaka za ulenje unkagwiritsidwa ntchito ngati poimirira kuonerera alenje ndi agalu awo, ndipo mapu akale amautchula kuti poima mfumu. Pambuyo pake unalowa m'munda wamaluwa, anauikira njira yokhotakhota yokwerera ndi mpanda pamwamba. Dzina la Henry linabwera ndi nthano yoti Mfumu Henry VIII inaima pano pa 19 Meyi 1536 kudikira chizindikiro chochokera ku ndende ya Tower of London choti mkazi wake Anne Boleyn wadulidwa mutu. Olemba mbiri amaikana nthanoyi, ndipo pakiyo inakhazikitsidwa patatha zaka 101 chichitikireni zimenezo. Mudzamva makolo akuwafotokozera ana awo nthanoyi pamwamba pomwepo, koma n'kawirikawiri kumva wina akutchula za amene anaikidwa pansi pa mapazi awo.

Kwathu manda ndi msitu umene munthu salowamo chilowelowe popanda chilolezo cha amfumu, ndipo ngakhale nkhuni sizitoledwamo. Kuno anthu amadyera masangweji pafupi ndi mtumbira, ana akuthamangitsana. Musadabwe nazo, ndipo musachite mantha kukwera, chifukwa njira anaikonzera anthu. Koma ulemu umene munakula nawo musausiye pageti. Yendani m'njira yokonzedwayo, osadula m'mbali mwa chitunda, chifukwa mapazi ambiri amakokolola dothi. Musakumbe, musazule chomera, musalembe dzina lanu pamtengo kapena pampanda. Lamulo la 1979 loteteza malo akale limanena kuti kuwononga malo ngati awa, kapena kufufuzapo ndi makina osakira zitsulo pansi popanda chilolezo, ndi mlandu. Ngati muli ndi ana, auzeni muli m'munsi momwemo kuti pano panaikidwa munthu kalekale, Aroma asanafike n'komwe m'dziko lino. Ana amamva, ndipo kakweredwe kawo kamasintha.

Pamwamba

Mukafika pamwamba yambani kuyang'ana kumadzulo, kumene kuli poyera. Chigwa chonse cha Thames chimatambasuka pansi panu: madambo a Petersham, mitengo yozungulira nyumba yakale ya Ham House, ndege zikutsika ndi kunyamuka ku Heathrow, ndipo tsiku lowala kwambiri nyumba yachifumu ya Windsor Castle imaonekera kutali. Mukachotsa m'maganizo nyumba ndi ndegezo, chotsala ndi chimene omanga mtumbirawu ankaona: mtsinje, dambo ndi kolowera dzuwa. Kwa ine mbali iyi ndiyo yofunika kuikhalira nthawi, ngakhale ambiri amaifulatira.

Tsopano tembenukani. Kum'mawa kuli mpanda wa zitsamba zobiriwira, ndipo pakati pake anaboolapo kabowo. Mukasuzumira pamenepo maso anu amadutsa pamwamba pa udzu, n'kulowa mumpata umene anaulambula m'nkhalango ya Sidmouth Wood, ndipo kumapeto kwake, mamailosi 10 kuchokera pamene mwaima, pali denga lozungulira la St Paul's. Ndi maso okha limaoneka kakang'ono kotuwa, moti ena amalephera kulipeza. Gwiritsani ntchito makina oonera patali amene ali pomwepo, ndi aulere. Alozetseni pakabowo, muwayendetse pang'onopang'ono mpaka mitengo ya mbali ziwiri itakhala ngati mafelemu, dengalo lili pakati. Mukatha apatseni mpata anzanu, ndipo mwana wamfupi mumunyamule m'malo momukweza pampanda.

Mpata umenewu unatsegulidwa mu 1710, Christopher Wren atangomaliza kumanga tchalitchicho m'malo mwa chakale chimene chinapsa ndi moto waukulu wa 1666. Panthawi ina mitengo inakula n'kuutseka, mpaka unapezekanso mu 1976. Lero malamulo a kamangidwe ka mzinda amaletsa kumanga nyumba yaitali imene ingatchinge pakati pa mtumbirawu ndi tchalitchicho. Komabe mu 2016 anthu anadandaula kwambiri pamene chinyumba chachitali chimene chinkamangidwa ku Stratford chinatulukira kuseri kwa dengalo, chifukwa malamulowo sanafike kutali choncho. Mukayang'anitsitsa mudzachiona.

Ngati nthawi ikadalipo

Pembroke Lodge ili pamtunda wa mphindi zochepa kum'mwera, m'munda womwewo. Pali tiyi, chakudya ndi zimbudzi. Mfumukazi Victoria inapereka nyumbayi mu 1847 kwa Lord John Russell, amene anali nduna yaikulu, ndipo mdzukulu wake Bertrand Russell, katswiri wa masamu ndi nzeru zakuya, anakulira momwemo. Kumapeto kwa Epulo ndi kuchiyambi kwa Meyi pitani ku Isabella Plantation, chapakati chakum'mwera kwa paki, kumene maluwa a azalea amachita kuti psuu m'mbali mwa timitsinje. Ndi ulendo wa theka la ola kapena kupitirirapo, choncho muwerengere ndi wobwerera. Mbalame zobiriwira zamichira yaitali zimene zimasokosera m'mitengo ndi zinkhwe zimene zinakhazikika mu London. Mitengo yakugwa imene mudzaione ikuwola pansi anaisiya dala: m'menemo mumaswana tizilombo tosowa timene tinachititsa kuti pakiyi ikhale malo otetezedwa a zachilengedwe, choncho musaigubuduze kapena kuthyolako.

Potuluka, kumbukirani kuti ufulu woyenda pansi m'pakimu unachita kumenyeredwa. Mu 1751 Amelia, mwana wamkazi wa Mfumu George II, atapatsidwa udindo woyang'anira pakiyi anatseka mageti, n'kumalola anzake okha ndi amene anali ndi zilolezo. Munthu wina wofulula mowa wa ku Richmond, John Lewis, anatengera nkhaniyi kukhoti ndipo anapambana mu 1758. Ngati mawondo akulola, tsikirani ku Petersham Gate, mukakwere basi 65, kapena mudutse m'madambo mpaka kumtsinje n'kutsata gombe kubwerera ku Richmond.

Mukafika kunyumba, dzifufuzeni

Apa musachite ulesi. Agwape amanyamula nkhupakupa, ndipo zina mwa izo zimafalitsa matenda a Lyme. Zimadikira pansonga za udzu ndi pazitsamba zazitali, makamaka kuyambira nyengo yophukira masamba mpaka yoyoyoka, n'kukakamira pa aliyense wodutsa. Zambiri ndi zazing'ono kwambiri, kadontho chabe, ndipo zikaluma simumva kuwawa. Muli m'paki, yendani m'njira zopondedwa, lowetsani thalauza m'masokosi mukamadutsa paudzu wautali, ndipo musagone m'zitsamba. Madzulo ake vulani zonse mudziyang'ane kuseri kwa mawondo, m'chiuno, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Ana muwayang'ane m'khosi, kuseri kwa makutu ndi m'tsitsi.

Mukaipeza, musaiwotche ndi machesi kapena kuipaka mafuta. Igwireni ndi kopanira kosongoka pafupi kwambiri ndi khungu, muikoke pang'onopang'ono molunjika m'mwamba osaifinya mimba, kenako mutsukepo ndi sopo. Zida zochotsera nkhupakupa zimagulitsidwanso m'mafamase. Lembani tsiku limene zachitika. M'masabata otsatira, ngakhale mpaka miyezi itatu, yang'anirani chizindikiro chozungulira chimene chimakula pamalo polumidwapo. Pakhungu lakuda sichioneka chofiira ngati mmene zithunzi zambiri zimasonyezera: chikhoza kungooneka ngati pamene munagundidwa, kapena kuderako pang'ono kuposa khungu lozungulira, choncho yang'anani powala bwino. Mukachiona, kapena mukayamba kumva kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'mfundo ndi kutopa, pitani kwa dokotala wanu kapena imbani 111, nambala ya foni yofunsirapo thandizo la zaumoyo, ndipo munene momveka kuti munali ku Richmond Park ndipo munalumidwa ndi nkhupakupa. Akawapeza msanga, matendawa amachizika ndi mankhwala opha tizilombo amene dokotala amalemba, ndipo muyenera kumwa onse mpaka kumaliza ngakhale mutayamba kupeza bwino.